Pasipoti Yopanda Chidindo

Kwathu ku Mkanda malire sitinkawawerengera. Tinkadziwa ndithu kuti ukapitirira minda ya mtedza n'kuwoloka kamtsinje kouma m'chilimwe wafika m'dziko la eni, koma palibe ankasintha mayendedwe chifukwa cha zimenezo. Chigayo chapafupi chinali tsidya linalo. Maliro tinkalira mbali zonse ziwiri. Mbuzi zinkagona ku Malawi n'kukadya ku Zambia, ndipo azakhali anga, amene anakwatiwa kumeneko, ankabwera kudzabwereka sefa m'mawa n'kubweza madzulo.

Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene ndale zinkakambidwa ngakhale pa mjigo. Ndinabwera kwathu ndi satifiketi, nsapato zogogoda ndi mtima wodzimva. Ndinkayembekeza kuti kalata yonditumiza kusukulu ifika ndisanamasule n'komwe katundu. Mwezi unatha, wina unatha. Maina ankatuluka pang'onopang'ono, langa osaoneka. Nsapato zija ndinaziika pansi pa bedi.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ya fodya. Anachokera ku Phalombe ine ndisanabadwe, ndipo moyo wawo wonse unathera m'mizere ndi m'zigafa. Pa esitetipo panali lamulo loti mvula ikamayandikira, akapitawo ankayenda nyumba ndi nyumba kulemba manja ogwira ntchito. Munthu wamkulu wogona m'nyumba ya esiteti sankangokhala. Ndikanapezeka ndili pakhomo pofika mvula yoyamba, dzina langa likanalowa m'gulu la othyola ndi osoka fodya, ndipo ndinali nditaona atsikana anzanga ambiri akulowa kwa chaka chimodzi n'kukalambira momwemo. Ntchitoyo ndinkaidziwa bwino, pamodzi ndi phula lake lakuda lokakamira m'manja. Sindinkaiopa. Ankaiopa m'malo mwanga ndi bambo.

"Sindinakutumize ku koleji kuti udzasoke fodya," ankatero akamasamba m'manja, osandiyang'ana.

Mu Okutobala, nthawi yothirira nazale, azakhali anabwera ndi uthenga. Sukulu ya mpingo kwawoko inkafuna mphunzitsi chifukwa amene analipo anatsatira mwamuna wake ku Lusaka. Iwo anali atandinenerera kale kwa ahedi, ndipo podziwa azakhali anga, ayenera kuti anawonjezerapo zambiri.

Pasipoti ndinali nayo. Ndinaitenga chaka chomaliza ku koleji, pamene tonse tinkalota zokaphunzitsa ku Botswana. Bambo anaikulunga m'pepala la shuga pamodzi ndi makadi athu a ubatizo n'kuisunga pansi pa sutikesi. Munthu sankaigwira asanasambe m'manja. Lolemba m'mawa anaitulutsa, anaipukuta ndi malaya, anandipatsa ndi manja awiri. Ndinaiika m'chikwama, ndinakhala cham'mbali pa kaliyala ya njinga, ndipo tinalowera njira yathu ya masiku onse, ya m'minda. Pa kamtsinje paja ndinatsika, bambo ananyamula njinga, tinakwera mtunda, basi tafika ku Zambia. Tinapatsana moni ndi amayi ena amene ankachokera kuchigayo.

Ahedi anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe, woyankhula mofulumira. Anandiimika kutsogolo kwa ana onse n'kulengeza kuti sukulu yalandira mphunzitsi wophunzira kunja. Ana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pamene panali fumbi la ku Mkanda. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa ngati ndinabwera pa ndege. Ndinayang'ana kumpanda kumene bambo anayedzamira njinga yawo, ndipo ndinadziletsa kuseka.

Anandipatsa giredi 5 kuti andione kaphunzitsidwe. Kawiri konse ndinanena kuti sitandade, ana n'kumandikonza mokondwa. Ndinaphunzitsa masamu ogawa pogwiritsa ntchito nzimbe imene ndinapempha kwa mlonda, ndipo pomaliza phunziro nzimbeyo inali itadyedwa, koma mayankho anali olondola. Choko chinali chofewa kuposa chathu, bolodi losalala. Ndikukumbukira kuti ndinkamva dzanja langa likulemba lokha, ndipo mumtima ndinati apa ndiye pamalo panga. Ahedi anavula magalasi n'kunena kuti andikonda, kwatsala mapepala okha. Bambo anabwerera tsiku lomwelo kukathirira nazale, ine ndinagona kwa azakhali.

Lachitatu ine ndi ahedi tinakwera galimoto ya mpingo kupita ku Chipata, ku ofesi yolembetsa aphunzitsi ochokera m'maiko ena. Tinapeza bambo wa tayi yofiira, wodekha, amene anawerenga satifiketi yanga mpaka zilembo zing'onozing'ono za m'munsi. Kenako anapempha pasipoti. Ndinaitulutsa m'chikwama monyadira, chifukwa inali yoyera bwino, yopanda ngakhale khwinya. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza. Anayambiranso.

"Madamu, munangena liti mu Zambia?"

"Lolemba."

"Munangenera kuti?"

Ndinawafotokozera za minda ya mtedza ndi kamtsinje, mpaka ndinatchula chigayo kuti amvetse bwino. Ahedi anatseka maso.

"Manje chidindo chili kuti?"

Ndinafunsa kuti chidindo chanji. Kunena zoona sindinkadziwa. Ine ndinkayesa pasipoti ili ngati satifiketi, umangoisunga bwino n'kuionetsa akaifuna. Ku koleji anatiphunzitsa kulemba mapulani a phunziro ndi kuyendetsa kaundula wa ana, koma za malire palibe anatiuza, ndipo ine wa m'malire ndinali womaliza kuganiza zofunsa.

"Buku iyi ikamba kuti mukali kwanu," anatero.

Apa mtima wanga, umene sunachedwepo kupsa, unapsa. "Koma bambo, si ndili pano? Simukundiona?"

"Nikuonani bwino, madamu. Koma ku Lusaka sazakuonani, azaona chabe buku."

Sanakalipe. Anatseka pasipoti n'kuikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Anati mafomu apita Lachisanu masana, ndipo pali mphunzitsi wina wa konko amene akudikira malo omwewo. Anati lero sanandione. Ndibwerere mmene ndinabwerera, ndikalowere pa geti ngati mlendo aliyense, ndipo Lachisanu adzandiona koyamba.

Kutulukira pa geti sikukanatheka, chifukwa munthu amene sanalowe angatuluke bwanji? Ndiye ndinabwerera kwa azakhali, kuchoka apo wapansi kudutsa m'minda, nsapato zogogoda zili m'manja. Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka, ndipo ndinapeza bambo akuchokera kudambo ndi makeni awiri othirira.

Zimene ndinawauza pabwalo paja sindizinyadira. Ndinati andichititsa manyazi. Ndinati munthu wamkulu ngati iwo anayenera kudziwa kuti kudziko la eni salowera kutchire ngati mbava. Ndinati zonsezi n'chifukwa cha umbuli wa pa esiteti. Amayi anasiya kupeta n'kundiyang'ana. Bambo anatula makeni aja pansi mosamala kuti madzi otsala asatayike.

"Ine ndimapita kumeneko kuyambira usanabadwe," anatero motsitsa mawu. "Palibe anandifunsapo kanthu."

Kenako anafunsa kuti getilo amatseka nthawi yanji.

Kuchokera kwathu kupita kusukulu ija kudzera m'minda unali ulendo wa ola limodzi ndi theka. Kudzera pa geti kunali kuzungulira: kutsikira ku Boma, kukhotera kumalire, kenako Chipata. Matola a ku Mkanda ankanyamuka akadzaza, ndipo masiku ena sankadzaza. Bambo anati zimenezo sangazidalire. Anapopa matayala, anathira mafuta pa tcheni, anamangirira pilo wakale pa kaliyala. Nazale anaisiyira amayi, akudziwa kuti akapitawo akadzaona alibe kudambo mawu adzachuluka.

Lachinayi tinanyamuka kukungoyera. Ulendo umenewo ndimaukumbukira kuposa tsiku limene ndinalandira satifiketi. Msewu unali wafumbi lofiira, wamabampu ogwedeza mano. Tinadutsa zigafa zopanda kanthu zodikira fodya watsopano, ngolo zopita kukatunga madzi, amayi ogulitsa mango aawisi m'mabeseni, zitsa zofuka m'minda yososedwa. Dzuwa litakwera nyenje zinayamba kulira mpaka m'makutu kuwawa. Ndinkaona thukuta likufalikira pamsana pa malaya a bambo, kuyambira pakhosi kutsika. Pa zitunda ndinkatsika, tonse n'kumayenda, iwo akutsokomola chifuwa chawo cha fodya n'kumanena kuti ndi fumbi chabe.

Ine ndinali ndikadali wotupa, ngakhale sindinkadziwanso kuti ndatupira ndani. Tayala lakumbuyo litaphwa tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akumata chubu, ndipo anayamba okha kundiuza mmene anabwerera kuno. Anati anakwera lole ya esiteti ku Phalombe ali ndi mphasa ndi poto mmodzi, amayi ali ndi pakati pa mchimwene wanga, ndipo atatsitsidwa anafunsa mnzawo ngati akadali m'Malawi. Anaseka okha, nanenso ndinapezeka ndaseka. Tinadya mbatata yootcha imene amayi anatikulungira, iwo anatenga yaing'ono.

Pa Boma tinafika masana, mapiri aja ali buluu chifukwa cha utsi wa moto wa tchire. Makondakitala a minibasi za ku Lilongwe anatithamangira, bambo anangowadutsa. Ndinawauza kuti apa pali magalimoto opita kumalire, atha kubwerera. Anati anayamba kundiperekeza, andifikitsa.

Geti ndinaliona koyamba tsiku limenelo, ine wobadwira pafupi ndi malire. Panali chitsulo chopingasa msewu, malole ataima mzere, anyamata osintha ndalama akukuwa. Ndinalowa m'nyumba ya mbali yathu, ndinalemba fomu, ndipo mayi wa yunifolomu anatsegula pasipoti yanga n'kuimenya chidindo mwamphamvu. Ndinamva chisoni pang'ono kuona tsamba loyera lija litada.

Nditatuluka, bambo anagwira njinga n'kuyamba kukankha pambali panga kulowera ku chitsulo chija. Msilikali wa pageti anatambasula dzanja.

"Madala, mapepala?"

"Ndikungomuperekeza mwanayu. Ndi mphunzitsi."

"Zikomo, koma mapepala anu. Ngati mulibe, lowani umo mukalembe fomu, akupatsani kachiphaso ka tsiku limodzi."

Bambo anasuzumira pakhomo. Mkatimo munali tebulo lalitali, anthu atawerama, aliyense akulemba ndi cholembera chomangirira chingwe. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuyambira ndili mwana kuti bambo salemba, pa esiteti ankadinda chala, koma sindinaonepo zimenezi zikuwatsekera njira.

"Tiyeni ndikakulembereni, bambo," ndinatero.

"Ayi, dzuwa lapita. Kwathu n'kutali." Anamasula chikwama changa pa njinga n'kundikoleka paphewa, anakonza lamba wake kuti asapotoke. "Pita. Ukafika usakayankhe anthu mwaukali."

Msilikali anakweza chitsulo, ndinadutsa, anachitsitsa. Kuchokera apo kukafika ku nyumba ya mbali ya Zambia ndi kamtunda kochepa, koma ndinacheuka katatu. Ulendo uliwonse anali pomwepo, dzanja limodzi pa chishalo, chipewa chili m'manja. Misozi inandivuta, ndipo bambo wodinda wa tsidya linalo anandifunsa ngati ndikupita kumaliro.

Lachisanu m'mawa bambo wa tayi yofiira uja anandipatsa moni ngati sanandionepo. Anatsegula pasipoti, anagwedeza mutu, anandilembetsa. Ndinaphunzitsa pasukulu ija zaka zisanu ndi chimodzi, zaka zokoma kwambiri pa uphunzitsi wanga wonse. Mpaka lero ndikamva mwana akuti manje, mtima umathamangira ku kalasi ya mazenera opanda magalasi ija, ndi ahedi akukuwa pabwalo kuti belu lalira kale.

Za ulendo wawo wobwerera ndinadzamva kwa amayi pa tchuthi cha Khirisimasi. Anati bambo miyendo inawakana atangodutsa pa Boma, anagona pakhonde la sitolo ina, ndipo anafika kwathu Lachisanu masana akukankha njinga. Sanalowe m'nyumba. Anapita kaye kwa akapitawo kukanena kuti pakhomo pawo chaka chino alembe manja a anthu awiri okha, kenako anatenga makeni n'kutsikira kudambo.

Pa tchuthi chimenecho ndinawapeza akubzala, mvula ili waa, ndipo ndinakonza zowapepesa chifukwa cha mawu aja ndinanena pabwalo. Ndinaima pamzere, ndinatsegula pakamwa, iwo n'kundiuza kuti ndichoke m'matope ndingadetse siketi. Ndinati ndidzanena tsiku lina. Anamwalira chaka chachitatu ndili ku Zambia, ndisananene.