Chidindo cha Munkoyo wa Inonge

Ku Matero ndi ochepa amene sanawerengepo zolemba za a Hamdan, ngakhale ambiri nkhope yawo saidziwa. Zikwangwani za ogulitsa nyama, za ometa tsitsi, mawu a kumbuyo kwa maminibasi opita ku Chunga, zambiri mwa izo zinatuluka m'dzanja lawo. Bambo awo anali telala wochokera ku Mangochi ndipo ankafuna kuti mwana adzakhale pamakina osokera, koma mwanayo ankangomaliza choko chodulira nsalu pojambula nkhuku ndi njinga pakhoma. Atakula anagwira burashi, sanaisiyenso.

Makina osindikiza zikwangwani atafika m'tauni, ntchito ya penti inachepa. A Hamdan sanadandaule nthawi yaitali. Anatola matayala akutha, nanola kampeni, nayamba kusema zidindo pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo.

Pansi pa mtengowo ndi pamene mnzawo wakale, a Nsama, anawapeza Lachitatu lina. A Nsama anali atapuma pa ntchito yoyendetsa malole, ndipo chimwalirire akazi awo, a Inonge, ankaphika munkoyo, chakumwa cha phala ndi mizu, sabata iliyonse n'kuusunga m'chipanda chomwe malemuwo ankagwiritsa ntchito. Sankagulitsa. Ankangothira m'mabotolo n'kugawira anansi ndi a kutchalitchi. Koma tsiku limenelo anabwera atakwiya: pamaliro ena munthu anabweretsa munkoyo wowawasa ngati mandimu, n'kumauza anthu kuti ndi wa a Nsama.

"Nifuna chizindikiro pa mabotolo yanga," anatero, akuonetsa foni. Mwana wawo Kafula anali atawapangira chithunzi cha mkango wovala chisoti chachifumu, chonyezimira ngati golide.

A Hamdan anachiyang'ana nthawi ndithu. "Ba Nsama, mkango unayamba liti kumwa munkoyo?"

"Manje nichite bwanji?"

"Mukaphika, muniitane."

Lachisanu m'mawa a Hamdan anafika ndi pensulo kukhutu, nakhala pa njerwa. Anaona mnzawo akutakasa phala, akusinja mizu ya munkoyo mpaka itanyenyeka ngati ulusi, akuiviika m'phalamo, kenako akusefa. Chipanda chitatulutsidwa m'nyumba, a Hamdan anaimirira. Chinali chakuda ndi utsi, ndipo pakhosi pake panali mng'alu wosokedwa ndi waya wamkuwa, mosamala ngati msoko wa malaya.

"Anasoka ndani apa?"

"Ni ba Inonge. Ninachigwetsa ine, chaka chamene Kafula anabadwa."

A Hamdan anabwerera pa njerwa yawo. Pofika nthawi yoti anyamuke kupita kumzikiti, anali atajambula chipandacho pa pepala la thumba la simenti, chopendekeka pang'ono monga chimakhalira pansi, mizu iwiri itapingasana m'munsi mwake, msoko wa waya uli poonekera.

A Nsama anakwinya nkhope. "Mwaika na chilema chake? Anthu azakamba kuti nilibe chipanda chabwino."

"Nikachotsa waya, chizakhala chipanda cha aliyense," anayankha a Hamdan. "Vipanda vili mbwee pa msika. Ichi chili chimodzi chabe. Nilembe dzina liti pansi?"

A Nsama anangotsala pang'ono kutchula lawo. Anayang'ana pepalalo, nasisita msoko wojambulidwawo ndi chala chomwe chinali ndi phala. Kenako anati chapansipansi, "Lembani Inonge."

Kusemako kunatenga masiku anayi. Chidindo chimasemedwa chozondoka, chakumanja chipite kumanzere, ndipo kusema waya wopyapyala choncho pa mphira wa tayala si masewera. Kawiri konse mpeni unadumpha n'kudula msoko, kawiri konse a Hamdan anataya mphirawo n'kuyamba wina. Maso awo sanalinso akale, choncho ankagwira ntchito dzuwa likakwera basi. Zilembo anazisiya zonenepa, zosalingana kwenikweni, ngati zolembedwa ndi khala pakhoma la khitchini.

Loweruka lotsatira a Hamdan anadinda mapepala makumi atatu a khaki, a Nsama nawamangirira ndi chingwe pakhosi pa botolo lililonse. Kafula, yemwe poyamba anakhumudwa kuti mkango wake wakanidwa, ataona dzina la mayi ake ananyamula pepala limodzi nalowa nalo m'nyumba, osatulukanso kwa kanthawi.

A Nsama anathira munkoyo wa tsiku lomwelo m'kapu, wotsekemera, usanayambe kulusa, poti ankadziwa kuti mnzawoyo sakhudza munkoyo wogonera masiku, woledzeretsa. A Hamdan anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana mabotolo atandandalikidwa pakhonde. Pa limodzi inki inali itachuluka, chilembo chomaliza chitatsekeka. Anaika kapu pansi, namasula chingwe, nadinda pepala lina.