Lole ya ufa pakati pa mitsinje iwiri

Chaka chimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique n'kumafikira ku Luwani, ine ndinali kopolo wa ku sitolo ya asilikali. Mfuti ndinali nayo, koma ntchito yanga inali matumba: ufa, nyemba, mchere. Anandituma kukasiya chakudya kwa anzathu amene ankalondera malire kumapiri a Neno.

Tinanyamuka awiri, ine ndi dalaivala, sajenti wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Mvula inatipeza titadutsa Luwani. Tinawoloka kamtsinje kena madzi akulekeza m'matayala, koma kutsogolo tinapeza mtsinje wina utadzaza, mlatho osaoneka. Poti tibwerere, kamtsinje koyamba kaja kanali katasefukiranso. Potembenuka, lole inatitimira m'matope pafupi ndi kagolosale ka bambo wina wachisilamu.

Netiweki inkagwira pachulu pokha. Ndikakwerapo, anzathu a kumalire ankaimba: "Kodi muli pati? Kuno tatsala ndi mchere basi." Ndikaimba ku ofesi, yankho linali limodzi: "Dikirani. Katundu asatsike, thumba lisatsegulidwe mpaka akalandire eni ake."

Anthu a m'mudzimo nawonso anali otsekeredwa ngati ife. Chigayo chinali tsidya lina. Patapita masiku, ufa unatha m'nyumba zambiri, ndipo aliyense ankadziwa chimene chinali pansi pa tenti yophimba lole yathu. Sankapempha. Ankangoima chapatali n'kumayang'ana lole. Ine ndinkakhala pamwamba pa matumba, mfuti pamwendo, kulondera ufa kwa anthu anjala.

Mwa iwo munali mayi wina wothawa nkhondo, mwana kumbuyo, amene madzi anamutsekereza akupita ku kampu ya othawa nkhondo ku Luwani. Iye yekha ndiye anafika pafupi.

"Achimwene, ka m'mbale kokha, ka phala la mwanayu."

"Mayi, sindiloledwa," ndinatero, maso ali pa nsapato zanga.

Bambo a golosale aja anamva. Anamuitana n'kumugawira mbatata zimene anatiphikira ife. Kenako anandifunsa mwaulemu, "Inu bwana, ufawu ukaola, ndiye kuti lamulo lasungika eti?"

Tenti inali itayamba kudontha, nyemba za pamwamba zikumera m'matumba momwemo. Ndinakweranso pachulu kukapempha chilolezo chogawa zonyowazo. Ku ofesi anati wovomereza zimenezo ali pamsonkhano. Mawa lake anati pempho lapita kwa akuluakulu. A sajenti anangoti, "Ukatsegula, mlandu ndi wako. Ukasiya, ndi wa mvula."

Chilolezo chinabwera madzi ataphwera kale, thirakitala ikutikoka m'matopemo. Tinatsitsa matumba onyowa pakhonde la golosale, anthu n'kubwera ndi mabeseni. Mayi uja panalibe. Anali atawoloka m'mamawa, wapansi.

Kumalire anzathu anatilandira ndi mkwiyo, atawonda. Ndinawafotokozera za mitsinje, koma palibe anamvetsera. Ankathamangira kukoleza moto.