Chilembo Chowonjezera pa Mudita

Alamu anga, a Girijashankar Nautiyal, aphunzitsa Chisansikiriti, chilankhulo chakale cha ku India, kuno ku Rishikesh zaka makumi atatu ndi chimodzi, m'kachipinda kamene denga lake ndi bwalo la anyani. Sadya anyezi, ndipo sanakhululukirepo munthu wotchula mawu molakwa.

Chimene akhala akuchilakalaka n'chimodzi: kukhala pa nsanja ya m'mbali mwa mtsinje wa Ganga tsiku la chikondwerero cha yoga, n'kumasulira khamu mawu akale. Chaka chino mpando wa wolankhula unatseguka. Fomu ya ku ofesi inkafuna satifiketi ya maphunziro a yoga a maola 200. Iwo analembapo "zaka 31". Kalaliki anaibweza, ati bokosilo ndi la maola.

Mpandowo anaupatsa Bhuvan Uniyal, wophunzira wawo wakale amene analephera galamala kawiri. Lero Bhuvan ali ndi ndevu, sukulu ya yoga yosanja, ndi azungu oimirira chamutu pakhonde m'mawa uliwonse.

"Ine nsanje ndilibe, alamu," anandiuza tikumwa tiyi. "Ndikungomvera chisoni chilankhulo."

"Nanga bwanji mwasiya kudzera msewu wa kusukulu kwake?"

"Kuli ndowe."

Kenako zikwangwani zinatuluka, zolengeza kuti Bhuvan adzakamba za mudrita. Alamu anafika kwathu akuthamanga, atagwirira m'manja nsalu yawo yovala ya dhoti. Sindinawaonepo osangalala chotero, ngakhale tsiku limene ankakwatira achemwali anga.

"Mwaona? Mudita ndi kukondwera pamene mnzako zamuyendera. Mudrita ndi chinthu chodindidwa! Mbuli ija ikaphunzitsa anthu za chidindo!"

Analemba kalata yodandaula, masamba anayi, ndipo ndinawaperekeza ku ofesi. Kalaliki anawerenga tsamba loyamba lokha.

"Aphunzitsi, chikwangwanichi a wapampando anadinda kale."

"Ndiye?"

"Ndiye ndi mudrita ndithu, monga mwanenera nokha. Sichisinthika."

Komiti inakumanabe, poti kalata yolandiridwa siiyenera kufa yokha. Inagamula kuti popeza a Nautiyal asonyeza kudziwa bwino liwulo, athandize wolankhula kulemba nkhani yake.

Bhuvan anabwera ndi bokosi la maswiti, n'kuwagwira mapazi. "Aphunzitsi, mutu wangawu mukuudziwa. Mundipulumutse."

"Mutuwo ndinausiya ulibe kanthu. Bola wamera ndevu."

Akanatha kumulembera zopusa, ndipo ine ndinawauza choncho. Koma dzanja lawo silidziwa kulemba cholakwa. Anakhala masiku asanu ndi limodzi akukukuta mano, n'kutulutsa nkhani yokoma kuposa zonse zimene analembapo, yonena za mtima wosapsa ndi mwayi wa wina.

Tsiku lachikondwerero tinakhala mzere wachisanu ndi chitatu, kumbuyo kwa mzati. Alamu anatchera khutu, kudikira chilembo chowonjezera chija. Bhuvan anatchula mudita kakhumi ndi kawiri, bwinobwino, osaphonya. Pomaliza analoza kumzati kuja.

"Amene akufuna kuona mudita ndi maso, aone aphunzitsi angawo."

Khamu lonse linatembenuka likuwomba m'manja. Alamu anaphatikiza manja n'kumwetulira ngati munthu woluma tsabola pamaso pa apongozi.

Pobwerera anaima pa mlatho.

"Watchula bwino," anatero. "Wamuphunzitsa ndani?"

"Inuyo."

Kenako anandifunsa kumene amalembetsa maphunziro a maola 200 aja. Ndinawauza zoona: sukulu yovomerezeka yapafupi ndi ya Bhuvan.