Goli limene anandisemera atate

Fungo la nthambi ya mabulosi yongodula kumene limandibwezera ku Kafue Estates, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mafakitale anali atangotsegulidwa, nyumba zathu zidakanunkha penti, ndipo wezulo ya kufakitale ya nsalu ndiyo inali wotchi ya tonse.

Chaka chimenecho sukulu yathu inakonza sewero la tsiku la ufulu, lonena za akapolo amene ankatengedwa kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Anyamata ankalimbirana kukhala Aluya chifukwa cha mikanjo yoyera. Ine anandipatsa ukapolo. Aphunzitsi anati kapolo aliyense abwere ndi goli lake pofika Lachisanu, apo ayi akhale pansi azionerera. Ndinali mtsikana wamakani, ndipo kukhala pansi sindinakufune n'komwe.

Ndinadula nthambi ya mphanda kuseri kwa nyumba. Amayi atandipeza ndikuiyesa m'khosi, anandilanda n'kuiponya padenga. "Batate bako basaone ivi," anatero. Amayi atangopita kumsika, ndinakwera n'kuitsitsa.

Atate anandipeza nayo poweruka, ovolosi yawo itathimbirira ndi utoto wa nsalu. Anaitembenuza kawiri. "Iyi si goli, mwana wanga, ni legeni."

M'mawa mwake anabwera ndi mtengo wa mphanda wautali, wolemera. Anaboola nsonga ziwiri za mphanda ndi chitsulo chamoto, nadutsitsa kachitsulo kotsekera kuseri kwa khosi. Atandiveka, sindinathe kucheuka, ngakhale kukhala pansi popanda wina kugwirira kumapeto kwake. Misozi inatuluka, koma ndinakana kuti andivule.

"Ambuya anga anavala iyi," anatero atate, kunena agogo awo obala amayi awo. "Anadwala panjira, Aluya anawasiya, munthu wina anawatola n'kuwakwatira. Chipsera chinali apa." Anandikhudza pansi pa khutu ndi chala chonunkha utsi.

Amayi anaima pakhomo atagwira chibwano. "Maneba bazakamba kuti ndise bakapolo."

"Bakambe," atate anayankha, nayamba kupala kumapeto kwa mtengowo.

Tsiku la sewero anzanga anatuluka ndi timitengo topepuka, akuseka, makolo nawo akuseka. Ine ndinabwera pambuyo nditawerama, goli likukwekwereza m'fumbi. Kuseka kunatha. Ndinaona atate pamzere wakutsogolo, atavala jekete m'dzuwa lonselo, chipewa chili m'manja. Khosi langa linatupa mpaka Lamulungu, ndipo ndinkanyadira kwambiri.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti atate ankangofuna kuti ndipose anzanga. Nditakula m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene iwo sankakwerera sitima ya kumudzi anzawo akatenga tchuthi. Kwathu munthu amawerengedwa kuchikazi, ndipo mdzukulu wa mdzakazi alibe mudzi womuitana. Atate analibe manda a makolo oti andionetse, analibe ngakhale dzina la mudzi umene agogo awo anagwidwako. Chimene ankachidziwa bwinobwino ndi malo oboola podutsa kachitsulo.