Tabuleti ndi zala za chinanazi

Mundikhululukire, ine kulemba sindinakuzolowere. Kungoti lero pa Chitakale ndadutsa pomwe amasenda zinanazi, ndipo fungo lake landibwezera ku Sitandade 2.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera matabuleti. Aphunzitsi athu, mayi amene anakulira pa choko, anali atangophunzitsidwa kagwiritsidwe kake, ndipo zonse anazilemba m'kope. Lamulo loyamba linali kusamba m'manja. Tsikulo pabuleki ndinadya chinanazi, koma pamjigo panali mzere wautali, ndiye ndinangopukutira zala pa yunifomu.

Atandipatsa tabuleti ndinaopa kuikhudza, ndinangokhala ndikuyang'ana mbuzi zitatu za pagalasi pake zoti ndiwerenge. Nditalimba mtima n'kuikapo chala, galasi lonse linada bii.

"Waipha iwe," ananong'ona mnzanga wa pambali. "Akuchotsa sukulu."

Ndinaimirira. "Madamu, ndaiwononga. Sindinasambe."

Anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, mpaka anaigwedeza pafupi ndi khutu. Thukuta linawatuluka pamphuno. Kenako anatsegula kope lija, ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufufuza tsamba ndi tsamba, milomo ikuyenda. Atafika pena anaima, anadina kabatani ka m'mbali.

Galasi linawala, mbuzi zija zili pomwepo, zitatu.

Anausa moyo kuposa ine. "Inangogona, mwanawe, inatopa kukudikira," anatero akupukuta galasilo ndi nsonga ya chitenje. "Thamanga ukasambe, nyerere zingatidyere masamu."