Chikwama ndi Ovololo

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsiku lomwe amalume anabwera kwathu ku Chimwankhunda kudzagamula za achimwene anga a Mavuto. Achimwenewo anabadwa ndi ulumali wa muubongo. Thupi linali la munthu wamkulu, koma zinthu ankazimvetsa pang'onopang'ono. Ankasanja makatoni pashopu ya amwenye ena ku Limbe, ndipo ovololo yawo yabuluu ankachapa okha, osalola wina kuikhudza.

Sabata imeneyo anali atasochera. Kondakitala anawakokera m'minibasi yolakwika, ndipo tinakawapeza mawa lake ku Chirimba, atakhala pakhonde la golosale, milomo itauma gwa.

"Apite kumudzi, tauni ino itiphera munthu," anatero amalume. Sankanama, ndipo n'chimene chinkandiwawa. Mayi anangoti zyoli. Malata ankathetheka ndi dzuwa.

Kenako amalume anatembenuka. "Mavuto, ukufuna kupita kumudzi eti?"

"Eya," anayankha achimwene, maso ali pansi.

Ndinkadziwa kuti munthu wamkulu akawakwezera mawu, achimwene ankavomera chilichonse. Mwana salowerera nkhani za akulu, koma pakamwa panga sipanamve zimenezo.

"Amalume, tawafunsaninso ngati akufuna kutsala."

Anandiyang'ana ndi diso lofiira, komabe anafunsa. Achimwene anayankha eya yemweyo.

Mayi anadzuka. Anakatenga chikwama cha paulendo ndi ovololo ija, n'kuziyika pamphasa. "Mavuto mwananga, ichi n'chakumudzi, iyi ndi ya ku Limbe. Palibe akukalipire. Tenga chako."

Tinadikira nthawi yaitali. Dzanja la achimwene linadutsa pamwamba pa chikwama, kenako anatola ovololo n'kuikumbatira pachifuwa.

Amalume anapumira m'mwamba. "Nanga akasocheranso?"

"Tizimuperekeza pa siteji mpaka aizolowere minibasi yake," anatero mayi. Ntchito imeneyo inagwera ine wapakamwa, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu.

Mayi anatisiya kale, ndipo lero achimwene amakhala kwa ine. Zina ndimawasankhira ndithu, monga mankhwala, ndipo akachedwa kubwera mantha a amalume aja amandigwira inenso. Koma ndinamvetsa kuti kufunsa munthu mofuna kuti angovomera ndi kumulamula basi. Nkhani ikakhala ya moyo wawo, ndimayika zonse ziwiri pamphasa, n'kutseka pakamwa pangapa mpaka dzanja lawo litasankha.