A Dickson ndi malezala awiri

A Dickson anathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu, mpaka msana unakana dengu. Atasiya, anaika mpando pansi pa bulugamu kuseri kwa fakitale n'kuyamba kumeta anthu. Kumeta ankameta bwino ndithu, koma chimene anatchuka nacho ndi pakamwa. Za mpira, za mvula, za chitopa cha nkhuku, zonse anali nalo yankho, ndipo ometedwawo, poona lezala pafupi ndi khutu, ankangovomera.

Chaka chatha mwana wawo Lestina, amene akuphunzira uphunzitsi wa sayansi kukoleji, anabwera kunyumba kudzakonzekera mayeso a fizikisi. Funso lina linkamuzunguza mutu: kuwala kukadutsa pakampata kakang'ono kwambiri, kumatani?

"Zimenezo mpaka kukoleji?" anatero a Dickson. "Mpata ukachepa, kuwala nakonso kutuluka kowonda. Basi."

"Buku likuti kumamwazika, ababa."

"Wolemba bukuyo anali ndi njala."

Lestina anangopempha malezala awiri atsopano. Masanasana anatchinga zenera ndi bulangete, n'kumata malezalawo pakatoni yoboola, mbali zakuthwa zitayang'anizana, pakati patangotsala mpata wonga tsitsi limodzi. Kenako anawalitsapo katochi kofiira kolozera pabolodi, kamene anabwereka kwa mnzake. Pakhoma panaoneka kamzere kowala pakati, ndi timadontho tozilala uku ndi uku.

"Tafinyani pang'ono, ababa. Dzanja lanu silinjenjemera."

Anafinya. Kamzereko kanatambasuka. Anamasula, kanabwerera. Anafinyanso, kanatambasukanso. Anatero kasanu ali duu, zimene amayi ake a Lestina, ataima pakhomo, anati sanazionepo chikwatirane.

"Malezala a masiku anowa," anatero a Dickson potsiriza, n'kutuluka.

Koma sabata yonseyo ankaweruka msanga kudzamugwirira katoniyo, Lestina akuyeza timadonthoto ndi rula n'kumawerengetsa m'kope. Akalakwitsa, iwo ankapukusa mutu ngati akuona pamene palakwika.

Funsolo linabweradi pamayeso, ndipo Lestina anakhoza. Tsiku limene anaimba foni, a Dickson anali pakati pometa akapitawo a kumunda. Anawasiya atameta mbali imodzi, n'kuthamangira kugeti kukauza alonda, kuchoka apo kwa amayi ogulitsa zitumbuwa. Akapitawo anadikira, anadikira, kenako anangovala chipewa n'kubwerera ku tiyi.